Mbuzi ya Malume Ako ndi Mtedza wa a Jaji

Telezia mwana wanga,

Akulemba kalatayi ndi Mayi Chisale, aja adakuphunzitsa sitandade 3, ine ndikungoyankhula. Takhala pakhonde dzuwa litapendeka, iwo pampando, ine pamphasa. Ndawauza kuti alembe momwe zikutulukira, asakonze, chifukwa mutu wanganso sudakonzeke kuyambira Lachiwiri. Mawa m'mawa akubwera kutauniko kudzaonetsa maso awo kuchipatala, ndiye akupatsa pamanja usanapite kubwalo la ndege. Mwina uti bwanji amayi osangoyimba foni. Foni yanga ija imatchajidwa kwa malume ako a Bonifasio, ndipo ikalira amabwera nayo okha n'kuima pomwepo mpaka ndimalize. Nkhani iyi si yoyankhula iwo ataima pamutu panga.

Kuseri kwa khitchini yangayi kuli mbuzi. Yaikazi, yamawanga, yonenepa bwino. Adabwera nayo malume akowo Lachiwiri. Ukudziwa kuti msuweni wako Yohane adamenya bambo uja wa ku Phalombe, uja adatsalira kuno esiteti itatsekedwa, polimbirana madzi a kudimba. Adamumenya ndi mpini mpaka mkono kuthyoka. Mlandu ukulowa sabata ya mawa, ndipo akuti woweruza wake ndi mnzako uja mudaphunzira limodzi, uja adabwera kuno n'kudya chimanga chootcha ngati mwana wa pakhomo. Malume ako akuti usanakwere ndege ya ku Indiya umuyimbire mnzakoyo kamodzi kokha, umuuze kuti Yohane ndi m'bale wako. Basi. Sadanene kuti uname, sadanene kuti amumasule. Mbuziyo akuti ndi yako, yokuthokoza kuti wakhala majisitireti, wakweza mtundu. Ndipo ine, mwana wanga, ndidalandira ndi manja awiri, n'kuombera m'manja. Chingwe chili m'manja ndiye ndidayamba kukumbuka a Jaji.

Za a Jaji udangomva pamwamba, kuti amayi ako adagwirapo ntchito kwa Mmwenye. Sindidakuuzepo zonse. Lero umve, chifukwa ukupita kudziko lawo kukaphunzira ntchito yawo yomweyo, ndipo ine sindikudziwa ngati ndisangalale kapena ndilire.

Ndidalakwa poyamba pomwe, poganiza kuti Mmwenye aliyense ali ndi sitolo. Nthawi imeneyo bambo ako a Gerevazio adali tenanti pa esiteti ya fodya cha ku Kabudula, chaka chidali choipa, ndiye asisitere ena a kumishoni adandipezera ntchito yophika mutauni. Mwana wathu woyamba Filipo ndidamusiya ndi apongozi. Ndidafika ndikuyembekeza nsalu ndi sikelo, ndidapeza nyumba yodzaza mabuku mpaka kudenga ndi mkulu mmodzi wowonda, wa imvi, wa magalasi. Dzina lawo lidali lalitali ngati njanji, palibe amalitha, onse amangoti a Jaji. Kaya ndiwo udali udindo wawo weniweni, sindidziwa. Ndimangowaona m'mawa atanyamula mkanjo wakuda pamkono. Nyama samadya, nsomba samadya, ngakhale dzira. Ndidati kodi mkuluyu akudwala? Ayi, ndi chipembedzo. Ndidaphunzira kuphika mphodza, chapati, mpunga ndi masamba othira zonunkhira zoyetsemulitsa. Ndiye iwe ukafika kumeneko usakathamangire kuweruza munthu ndi nkhope. Koma kuweruza ndiye ntchito yako, eti? Waona, ndayamba kale kusokoneza.

Mbiri yawo ndidaitola pang'onopang'ono, chifukwa Chichewa amayankhula chodukaduka chimene adaphunzira kwa wotanthauzira wa kukhoti, ndipo amakonda kuyankhula ine ndikusenda anyezi. Adabadwira kumudzi, osati kutauni. Bambo awo amakhala pansi pa mtengo kunja kwa khoti n'kumalembera makalata anthu osadziwa kulemba, anthu ngati ine. Iwo ali mwana amawagwirira botolo la inki. Kenaka adalemba mayeso aakulu a boma amene anthu ambirimbiri amalephera, iwo adakhoza, n'kukhala disii, bwanamkubwa wa boma. Adati boma limene amayang'anira lidali ndi anthu ochuluka ngati Malawi yense. Pamenepo ndidangoti eya Bwana, koma sindidakhulupirire. Amayendera minda, kugawa chakudya nthawi ya njala, kuthetsa mikangano ya malire. Koma samakhalitsa pamalo. Akangokana zimene wamkulu wina akufuna, kalata yabwera, samukani. Akafika kwina akanenso, samukani. Adati akazi awo adasiya kumasula mabokosi ena, amangoyala nsalu pamwamba n'kusandutsa tebulo. Pambuyo pake adawapatsa mpando woweruza milandu, adaweruza mpaka imvi, adalembanso mabuku a malamulo. Akazi awo atamwalira ndiye adabwera kuno, poti boma lathu limasowa oweruza. Chithunzi cha mayiwo chidali pakhoma, m'mawa uliwonse amachiveka mkanda wa maluwa n'kuyatsa lubani.

Tsiku lina mchere udatayika m'kabati, ndidatenga envulopu imodzi patebulo lawo, yopanda kanthu, n'kuthiramo. Ataona adandifunsa kuti envulopuyo ndi ya yani. Ndidati ndi yanu. Adati ayi, si yanga, ndi ya boma. Adandipatsa pepala lina lochokera m'thumba mwawo, envulopu ija adaikung'untha bwinobwino n'kuibwezera. Galimoto ya boma ili pakhomo, koma popita kukapemphera amayenda pansi ndi ambulera. Ine ndinkati mkuluyu ndi waumbombo kapena mutu sukoka. Mpaka lero Mayi Chisale akuti ndi chilungamo, ine ndikuti envulopu imodzi boma likadagwa? Komabe iwe za boma usamatenge. Sindikudziwa chifukwa chake chenicheni, koma usamatenge.

Tsopano cholakwa chachikulu. Chigafa cha pa esiteti, chija amayanikamo fodya, chidapsa ndi fodya yense. Kapitawo adaloza bambo ako, poti dzulo lake adakangana pa nkhani ya magiredi a fodya. Bambo ako tsiku limenelo adali kumaliro ku Nsaru, anthu adawaona akukumba nawo manda. Adawagwirabe. Kenaka tidamva kuti mlandu ukalowa kwa a Jaji. Kumudzi kudali chimwemwe, apongozi adavina pabwalo, amvekere Mulungu wamva, mlandu wagwera m'nyumba momwe Nambewe amaphika. Ndipo anthu a kukhoti amanena kuti mkulu ameneyu safulumira, amaitanitsa mboni ngakhale ili kutali, amafunsa mpaka wabodza adzilume lilime.

Apongozi adagwira nkhuku yathadzi n'kundipatsa. Kwa wamkulu supita chimanjamanja, ndi mwambo, iwenso ukudziwa. Ine ndimadziwa kuti nyama sadya, koma ukadawakana bwanji apongozi? Ndidafika nayo, ndidagwada pakhonde. Adafunsa kuti ndi ya chiyani, ndidati ulemu chabe. Adati zikomo, bwererani nayo. Mumtima ndidati ndimadziwa, vuto ndi nyama. Lamulungu ndidapita kumudzi, ndidasenda mtedza wa chalimbana, kusankha umodziumodzi, wofota kutaya, mpaka kudzaza dengu. Ndidadziona wochenjera kuposa apongozi. Lolemba m'mawa ali patebulo ndi mapepala awo, ndidalowa, ndidaika dengu pambali pa mapepalawo, ndidagwada.

Ndidati, "Uwu si nyama, Bwana. Lachinayi mukumbukire amuna anga a Gerevazio Phiri."

Adavula magalasi. Adandiyang'ana nthawi yaitali. Adatsegula pepala lina, kuwerenga, kundiyang'ananso. Telezia, mkulu uja samadziwa kuti Gerevazio Phiri wa pamlandu ndi mwamuna wanga. Akadadziwa bwanji? Ine pakhomo paja ndidali Nambewe, dzina la kwathu, monga timaitanirana akazi kuno. Ndidawauza ndine, ndi pakamwa panga.

Adati, "Nambewe, mwandichotsa pamlandu umenewu ndinu."

Sindidamve. Ndidati kapena mtedza wachepa. Adandifotokozera pang'onopang'ono kuti munthu saweruza mlandu wa munthu wa m'nyumba mwake, ndiponso wabwera ndi dengu. Ndidati dengulo ndichotsa, tiiwale, palibe waona. Adati waona ndine. Tsiku lomwelo adalemba kalata, mlandu udapita kwa woweruza wina. Winayo adali ndi milandu yambiri tsiku limenelo, za maliro a ku Nsaru sadafunse n'komwe. Bambo ako adalowa ndende zaka ziwiri.

Apa ndiye pamene mutu wanga umaima, mwana wanga. Ndikadangokhala chete, ndikadangophika mphodza zanga, mkulu uja akadaweruza yekha osadziwa kanthu, ndipo bambo ako akadatuluka. Chidawamangitsa ndi ulemu wanga. Nanga ulemu ndi tchimo? Tidakula akutiuza kuti kupatsa n'kuika. Ine ndidapatsa, ndidaika chiyani? Ndipo iwo a Jaji, amadziwa kuti bambo ako akhoza kukhala osalakwa, amadziwa kuti mnzawo uja ndi wa phuma. Adasankha manja awo oyera, mwamuna wanga adasankhiridwa ndende. Zaka zonsezi ndimati ndikawaganiza m'mawa ndi munthu wolungama, ndikawaganiza madzulo ndi munthu wouma mtima. Mayi Chisale akuti zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona. Aphunzitsi amatero akasowa yankho. Lembani zomwezo Mayi, musadumphe.

Ndidalakwanso, ndipo apa sindingaloze wina. Chigamulo chitatuluka adandiitana, adandilembera kapepala, adati pali ofesi ya boma imene imapereka loya kwa anthu osauka, ndipite kumeneko akachite apilo, atchule mboni za kumaliro zija. Adati iwo sangapite nane, sangayankhule ndi aliyense, koma njira ndi imeneyo. Ine ndi mkwiyo ndidati ngati mwini nyumba wandikana, mlendo wa muofesi andimvera? Kapepala kaja ndidayatsira mbaula. Mwina bambo ako akadatuluka mvula yoyamba isanathe. Ndiye umve, Telezia, munthu akakukhumudwitsa usamatenthe ndi njira yomwe wakulozera. Ndiponso iwe ukakana munthu, usamangomupatsa kapepala. Ena sitiwerenga. Uzimuyang'ana ngati wamvadi.

Ntchito sadandichotse. Ndidaphikabe, ndikadapita kuti? Koma ndikuuze chimene sindidauzepo munthu kupatula abambo mfumu a kutchalitchi. Mayi Chisale, ichi musakanene ku Mphakati wa mpingo wathu. Chaka choyamba cha ndende, Filipo adadwala chikuku kwa agogo ake. Pomwe uthenga umandipeza n'kuti atapita. Adaikidwa bambo ake kulibe. Nditabwerera kuntchito, Loweruka lina ndidagula mapazi a nkhuku kumsika, ndidawiritsa kuseri, msuzi wake ndidathira mu mphodza zawo. Munthu woti chibadwire nyama sidalowepo m'kamwa mwake. Adadya. Adati lero zakoma, Nambewe. Ndidachita katatu. Ndinkayesa mtima upola, koma ulendo wachitatu ndidawaona akupemphera asanadye, maso atatseka, ndidathawira kubafa kukasanza ine amene sindidadye. Nditakalapa, abambo mfumu adafunsa ngati munthuyo adadwala. Ndidati ayi. Adati nkhuku payokha si tchimo, koma chimene ndidathiramo si nkhuku yokha. Adandipatsa chilango choti ndipemphere korona yathunthu. Ndiye ukafika kwa eni ake kumeneko, chimene munthu sadya usamuseke, ndipo mkwiyo wako usamauthire m'mbale ya munthu. Ukakwiya uzinena.

Bambo ako atatuluka adabwera owonda, akutsokomola, chifuwa chija adapita nacho kumanda ndi chomwecho. Ndidawauza zonse za mtedza, ndikuyembekeza kuti andithamangitsa. Adaseka mpaka kutsamwa. Adati ndiwe mkazi woyamba kumangitsa mwamuna ndi chalimbana. Za a Jaji sadanenepo choipa. Amati akadandimasula iwo aja, mudzi wonse ukadati Gerevazio adatentha chigafa koma adatuluka ndi mtedza. Ine ndimati anthu akadanena, koma mukadakhala pakhomo, mukadamunyamula Filipo kupita naye kuchipatala. Pamenepo amangotuluka kukakhala kukhola. Tidakangana nkhani imeneyi mpaka ukalamba, palibe adapambana. Ndipo ndi iwo adaumirira kuti iwe uphunzire zamalamulo. Munthu womangidwa wosalakwa kufuna mwana wake akhale woweruza. Kodi iwe ukuzimva zimenezi? Ine ayi.

A Jaji adabwerera kwawo bambo ako atangotuluka kumene. Tsiku lomanga katundu ndikuwathandiza kulonga mabuku, adayamba okha kuyankhula, osandiyang'ana. Adati ali disii, chaka cha njala, mng'ono wawo weniweni adagwidwa atagulitsa matumba a chakudya cha boma. Mayi awo adayenda masiku awiri pa sitima, nkhalamba, atanyamula chitini cha zotsekemera zimene amawapangira ali mwana. Sadapemphe kanthu ndi pakamwa, adangoika chitini patebulo. A Jaji chitini sadatsegule. Mng'ono wawo adalowa ndende. Mayi aja adabwerera ndi chitini chawo, ndipo kuchokera tsiku limenelo sadayankhulenso nawo. Akapita kukawaona amatembenukira kukhoma. Adamwalira choncho. Adati dengu langa lija litafika patebulo, adaona chitini chija.

Ndidawafunsa kuti, "Nanga zikadabwereranso, Bwana, mukadatsegula?"

Adati, "Sindidziwa, Nambewe. Malamulo ndimawadziwa. Ichi sindichidziwa."

Munthu wa mabuku ofika kudenga. Ndidafuna kuwauza za msuzi uja pomwepo, pakamwa padakana. Galimoto idabwera, adapita, sindidamvenso za iwo.

Ndimati ndikutume kuti ukafika ukafunse manda awo, ukagwade, ukanene kuti Nambewe wa ku Malawi akupepesa za mphodza. Koma Mayi Chisale angondiuza pompano kuti anthu a chipembedzo chimenecho saikidwa m'manda, amawotchedwa, phulusa n'kutaya mumtsinje. Ndiye kupepesa kwanga ndikutumize kuti? Akutinso dzikolo ndi lalikulu, sungafunse kuti kodi a Jaji owonda aja kwawo n'kuti. Chabwino. Ukaona mtsinje uliwonse waukulu ukangonena chamumtima. Mwina madzi amadziwana.

Ndibwerere kwa mbuzi, ikulira kuseriku. Usaganize kuti malume ako ndi munthu woipa. Ndi mlongo wanga, ndiye mwini mbumba, mawu ake ndi amene amamanga banja lathu. Uli ndi zaka zinayi udakomoka ndi malungo, mvula ikugwa, mtsinje utadzaza, bambo ako ali chigonere ndi chifuwa. Adakumanga kumsana ndi chitenje changa ndi malume akowa, mwamuna wamkulu, anthu akuseka, adawoloka madzi ofika m'chiuno njinga ili paphewa mpaka kuchipatala cha mishoni ku Namitete. Bambo ako atamwalira adayendetsa maliro ndi iwo. Denga ili likadontha amakwera ndi iwo, ndi ukalamba wawo. Lachiwiri lija sadabwere monyada. Adakhala pansi apa, chipewa m'manja, adati mlongo, Yohane ndi mwana mmodzi yekhayo wanditsalira, akalowa ndende ndilima ndi yani? Adati chibale ndi fupa, sichiola. Ndidaona apongozi anga aja ndi nkhuku yawo, ndidadziona ndekha ndi dengu. Munthu amene sadagwadepo chifukwa cha wake sangamvetse. Ine ndidagwadapo.

Koma dzulo popita kumjigo ndidadutsa padimba la bambo wa ku Phalombe uja. Adakhala pachulu, mkono uli m'chikhakha, akazi ake akuthirira okha ndi khanda kumsana. Adandipatsa moni mwaulemu, amvekere mwadzuka bwanji agogo, tamva kuti mwana wanu akupita kunja, Mulungu amuyendetse. Alibe m'bale kuno. Alibe mbuzi. Alibe msuweni wodziwana ndi woweruza. Ndidaganiza kuti tsiku lija bambo ako adaima m'khoti, kapitawo uja mwina adali ndi wake womuyimbira. Kaya. Ndipo pali kusiyana kumene kukundiluma. Bambo ako chigafa sadatenthe. Yohane mkono adathyola, ndidamva kulira kwake ndili pano.

Ndiye ndikulangize chiyani? Makolo ena mwana akamapita amadziwa zonena. Ine ndati ndinene kuti thandiza abale ako, ndikuona chikhakha chija. Ndati ndinene kuti khala ngati a Jaji, ndikuona mkulu wokhala yekha m'nyumba ya mabuku, kudziko la eni, mayi ake atafa osamuyankhula. Sindifuna ukhale wouma choncho. Sindifunanso ukhale woti aliyense wa mbuzi azikukoka ndi chingwe. Lero ndi malume ako, mawa ndi a kuchimuna kwako, mkuja ndi wa galimoto yaikulu, ndipo mnzako ujanso tsiku lina adzakuyimbira za msuweni wake, udzakana bwanji? Izi ndaziona ndekha, palibe wandiuza.

Zina zing'onozing'ono ndinene ndisanaiwale. Korona yako usaiike m'chikwama chachikulu, ikhale m'thumba. Tsabola wa kumeneko si wa kuno, uyambe pang'ono. Ana wasiya ndi bambo awo uziwayimbira, asadzakuyese mlendo. Ukadzabwera n'kukhala pampando uja, munthu akamayankhula zozungulira ngati ine, usamudule, mwina mboni yake ili kumapeto. Akanena kuti ndidali kumaliro, tuma munthu akafunse. Maliro sabisika. Ndipo mayi wina akadzabwera ndi dengu, usadzamuyese mbava. Sadziwa. Udzamubwezere dengu lake ndi manja awiri, udzamukhazike pansi, udzamuuze njira mpaka aibwereze yekha ndi pakamwa pake.

Mayi Chisale akufunsa kuti nanga mbuzi. Dikirani Mayi, ndikufika.

Ndaganiza chonchi, kaya ndi nzeru kaya ndi uchitsiru wina wa chalimbana. Chimene chidapweteka a Jaji si kukana kokha. Ndi choti adakana okha, pamaso pa mayi awo, ndipo padalibe wina woti asenze mkwiyowo. Iwe uli ndi ine. Mnzako uja usamuyimbire. Usamuyimbire, Telezia, ngakhale kumupatsa moni sabata ino. Malume akonso usawayimbire kuti uwafotokozere za malamulo, sadzamva, monga ine sindidamve. Iwe kwera ndege yako ngati sukudziwa kanthu. Ndege za masana zimadutsa pamwamba pathu pano zikanyamuka. Mawa ndikhala pabwalo, ikangodutsa ndimasula mbuzi, ndiikoka ndekha ndi ndodo yanga mpaka kwa malume ako. Ndikawauza kuti uthenga sindidapereke. Ndikati ndidaukhalira dala, mwana wapita osamva. Atukwane ine. Anene kuti Nambewe ndi mfiti yodya ana a mlongo wake, ndamvapo zoposa pamenepo. Iwe ukadzabwera udzalowe pakhomo pawo ndi shuga wako, udzagwade, adzakulandira, chifukwa kwa iwo udzakhala wosalakwa.

Mayi Chisale akuti limenelo ndi bodza, ndipo iwo ndawasandutsa mboni. Ndikudziwa. Ndikalapa Loweruka, iwonso akalape. Akutinso woweruza sayenera kubisala kumbuyo kwa amayi ake. Mwina. Udzaima wekha pa milandu ina yonse, ine kulibe. Uwu wokha ndisiyire.

Chimene ndikuopa ndikuuze. Malume ako akhoza osapondanso pano. Denga likadontha lidontha. Ndikafa iwo asanakhululuke, maliro anga adzasowa mwini, ndipo anthu adzalankhula. Zikadzatero usadzadabwe, usadzawakwiyire, udzangopempha a Mphakati andiimbire. Yohanenso akamangidwa ndizikamuona ndine, ndimudziwa msewu wa kundende, ndidauyenda zaka ziwiri. Ndizikamutengera mtedza wokazinga. Kumeneko amalandira.

Kaya ndachita bwino, sindikudziwa, mwana wanga. Ndikakafika kumene kuli bambo ako ndikawafunsa, mwina akandisekanso. Kalatayi ukawerenga usaisiye poonekera.

Msana wandipweteka ndipo Mayi Chisale maso awo ayamba kuchita ukungu. Mbuzi ija sindidaipatse madzi, mawa ikabwerere kwawo isanaonde. Ndatopa, ndikapume kaye. Uyende bwino.

Ndine mayi ako,
Nambewe